Khutu la Choko M'bokosi la Sipika

Mukamasula thabwa lakumbuyo kwa sipika iliyonse imene inadutsa m'manja mwa azakhali anga, mudzapeza m'kati mwake khutu lojambulidwa ndi choko, pambali pake tsiku ndi chaka. Chokocho ndi chija atelala amalembera pansalu, pakuti azakhali asanayambe kukonza masipika anali telala. Khutulo linali lonjezo lawo kwa mwini katundu: sipika iyi ndaimvetsera ndekha, ndipo mulibe mawu ena kupatula amene woimba anaimba. Mumsewu wonse wa mashopu anthu anaiwala dzina lawo lenileni. Amangoti a Makutu.

Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Malemu amuna awo ankakonza mawailesi, ndipo awiriwo ankagawana chipinda chimodzi, tebulo la bambowo lili kuwindo, makina osokera ali pafupi ndi khomo. Bambowo anali ndi mutu wabwino koma zala zonenepa. Tsiku lina kunabwera sipika yong'ambika m'mphepete mwa mbale yake. Mbale imene ndikunenayi ndi pepala lolimba lija lolowa m'kati, limene limakankha mpweya kuti mawu amveke. Bambowo anayesa kumata, zinakanika. Azakhali anasuzumira n'kunena kuti imeneyo ndi kolala ya diresi basi. Anadula nsalu mopingasa, monga amadulira kolala, kuti izipindika mofanana mbali zonse, n'kuimata mozungulira. Sipikayo inalira bwino kuposa inzake imene sinang'ambike. Bambowo atamwalira mawailesi anasiya kubwera, koma masipika sanasiye. Pamene zimene ndikufotokozazi zinkachitika, azakhali anali atakhala zaka makumi awiri ndi zinayi patebulo la kuwindo lija.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndi kamene kanawapatsa dzina. Kumbuyo kwa mbale kuli waya wokulungidwa wotchedwa koyilo, amene amayenda m'kampata kopapatiza pakati pa maginito. Koyiloyo ikapendekeka pang'ono chabe imakhula m'mbali mwa kampatako, ndipo mawu amasasa. Okonza ambiri amangoyerekeza ndi maso. Azakhali ankadula timizere titatu pa zithunzi zakale za kuchipatala, zija zoonetsa mafupa, n'kutilowetsa mozungulira koyilo kuti ikhale pakati penipeni, kenako n'kupaka guluu. Guluuyo ankamupatsa masiku awiri athunthu, ndipo kasitomala wofulumira ankamuuza kuti akafulumize dzuwa. Poyesa sankayamba ndi nyimbo. Ankatchera wailesi pamene munthu akuwerenga nkhani, chifukwa mawu a munthu wolankhula khutu limawadziwa chibadwire, ndipo akapotoka pang'ono limazindikira msanga.

Komanso sipika sankaipereka pakhomo la shopu. Ankaiperekeza okha mpaka kunyumba kwa mwini wake. Kumeneko ankaichotsa pakona pamene anthu amakonda kuiika, ankayala nsalu pansi pake, ndipo ankalamula kuti kabati ya makapu isunthidwe chifukwa magalasi ake amanjenjemera. Akamvetsera m'chipindamo n'kukhutira, ndi pamene ankajambula khutu lija ndi kumanga masikuluu omaliza. Anali ndi mawu amene msewu wonse unkawadziwa pamtima: "Tsiku limene sipika idzabwerere kuno chifukwa khutu langa lanama, ndidzakhoma loko pachitseko."

Ine ndinabwera kuchokera ku yunivesite ndi digiri ya zamagetsi, laputopu, ndi maikolofoni yoyezera mawu. Podikira ntchito ndinkakhala kwa azakhali, ndipo tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse. Mfundo yanga inali iyi. Sipika ndi mboni: ntchito yake ndi kubwereza zimene yauzidwa, osachotsera, osawonjezera. Ikawonjezera zake, ndiko kupotoka kwa mawu, ndipo kupotokako kumayezedwa. Khutu limatopa, limakondera nyimbo imene mwini wake amaikonda, limazolowera cholakwa mpaka kuchiyesa chabwino. Nambala ilibe chibale.

"A Digiri," ankandiyankha motero osakweza ngakhale mutu, "nambala yanuyo inayamba yavinapo?"

"Kuvina si umboni, azakhali."

"Ndiye mukamuuze kasitomala kuti akhale pansi aziwerenga."

Khomo loyandikana ndi shopuyo ndi la wometa tsitsi amene aliyense amamutcha a Lumo. Iwowa ali ndi sipika yong'ambika imene imalira ngati chidebe, ndipo kwa zaka zonsezi akhala akukana kuti ikonzedwe, ati makasitomala awo anaizolowera. Mkangano wathu ukafika pachimake ankasuzumira pakhomo, sizasi ili m'manja, n'kufuula kuti, "Mayi, mulavulireni m'khutu mwanayo, mwina sukulu ituluka!"

Zinasintha Lachiwiri lina m'mawa. Mayi wina wachitsikana, amene amagwira ntchito ya unesi ndipo tonse timangoti Anesi, anaima pakhomo ndi wilibala. M'wilibalamo munali sipika yaitali yofunditsidwa bulangete, imene azakhali anakonza milungu itatu m'mbuyomo.

A Lumo ndiwo anayamba kuiona. "Anesi, mwasochera! Odwala akatuluka m'chipatala ichi sabwereranso."

Anesi sanaseke. Anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti, "Pepani mayi, sindinabwere kudzayambana. Ndikaika nyimbo za kwaya, azibambo akangotsitsa mawu, mukumveka kanthu kakuti tsi-tsi-tsi, ngati mwalowa kachilombo."

"Ndi kabati yanu ija," anatero azakhali.

"Kabati munaisuntha nokha, mayi."

Tinaikweza patebulo, ndipo azakhali analumikiza mawaya. Anesi anaika nyimbo yawo. Azakhali anapendeketsa mutu monga amachitira nthawi zonse, maso ali pansi. Amayi a m'kwayamo anaimba, bwinobwino. Azibambo anatsika, ndipo kanthu kaja kanalira, kakang'ono, kakuthwa, koonekeratu ngati ulusi woyera pansalu yakuda.

"Ili bwino iyi," anatero azakhali.

"Apo," anatero Anesi motsitsa. "Aponso."

Ine ndinakamva. A Lumo, amene anali ataima pakhomo, anakamvanso. Azakhali anasiya kuyang'ana sipika, n'kuyamba kuyang'ana nkhope zathu, mmodzi mmodzi.

"A Digiri, bweretsani chida chanu chija."

Kayezedwe kake n'kosavuta. Laputopu imatumiza ku sipika liwu limodzi lokha, lotsika, losasintha, ngati kulira kwa firiji. Maikolofoni imamvetsera, ndipo pa sikirini pamaima mzere umodzi wautali. Sipika ikakhala yoona, kumanja kwa mzerewo kumakhala koyera. Ikamawonjezera zake, kumamera timizere tating'onoting'ono ngati udzu. Tsiku limenelo udzu unamera mpaka kumapeto kwa sikirini, kuchigawo cha mawu opyapyala kwambiri.

Miyezi isanu ndinali ndikuyembekezera tsiku loti chida changa chidzapambane, koma litafika ndinalakalaka batire itatha. Ndinadziwa chimene udzuwo unkatanthauza, ndipo ndinadziwa za loko.

"Ndi phokoso la mumsewu, azakhali," ndinatero. "Maikolofoni ikutola zakunja."

"Iwe mwanawe, ukamanena zoona umafuula mpaka a Lumo amadula munthu khutu. Lero wayamba liti kunong'ona? Usazimitse."

Anamasula thabwa lakumbuyo liwu lija likulirabe. Khutu lawo la choko linali pomwepo, tsiku lili pambali. Analowetsa dzanja, n'kuyendetsa nsonga za zala kumbuyo kwa mbale pang'onopang'ono, monga telala amafufuzira msoko wothothoka. Anaima.

"Kali apa."

Pali timawaya tiwiri tofewa timene timatenga magetsi kupita ku koyilo. Kamodzi anakasiya katali pang'ono. Pa mawu otsika mbale imayenda kwambiri, ndipo kawayako kankaimenya kumbuyo. Cholakwa chotere wokonza aliyense amachichita, koma amachigwira poyesa. Azakhali anayesa m'shopu, anayesanso kunyumba kwa Anesi, osamva kanthu, n'kujambula khutu.

Anesi anafotokoza mofatsa kuti zaka zikamapita, mawu opyapyala ndi amene amayamba kuthawa, munthu osadziwa, ndipo makina odulira zitsulo amene akhala akulira kutsidya kwa msewu zaka zonsezi sanathandize. Azakhali anawathokoza, n'kuwapempha kuti asiye sipikayo. Masana omwewo anafunditsa tebulo ndi nsalu, anatulutsa loko m'dirowa, n'kukhoma chitseko anthu akuona.

A Lumo anawatsatira mpaka pamsewu. "Mayi, mawu aja tinkangoti ndi otsatsa malonda! Ine ndinalumbira kambirimbiri kuti ndisiya fodya, ndani anandifunsapo?"

"N'chifukwa chake sipika yanu imatsokomola," anayankha azakhali, osatembenuka.

Masiku atatu ndinawatsutsa kunyumba, ndipo ndikukhulupirira kuti mfundo zanga zinali zolongosoka. Ndinati cholakwa chimodzi pa zaka makumi awiri ndi zinayi si chifukwa chotsekera. Ndinati luso lawo lili m'zala, ndipo zala ndi zimene zinapeza kawaya kaja. Ndinati munthu amene maso ake afooka amavala magalasi, sasiya kuwerenga. Ankandimvetsera akusoka batani pamalaya. Tsiku lachitatu analuma ulusi n'kunena kuti:

"Iwe ukunena za mawa. Ine ndikuganiza za dzulo. Khutu ili silinafe Lachiwiri ayi. Ndi makutu angati ndajambula m'nyumba za anthu ndili wosamva?"

Ndivomere kuti funso limeneli silinandibwerere n'komwe m'mutu. Iwo anali atawerengera kale. Panali patapita zaka ziwiri chiyambire kufunsa anthu kuti abwereze zimene anena. M'zaka ziwirizo anakonza masipika makumi atatu ndi imodzi. Sanafunikire kufunsa aliyense kuti ali kuti, popeza iliyonse anaiperekeza okha, ndipo ankakumbukira nyumba, chipinda, ngakhale mtundu wa makatani.

"Shopu ndatseka, koma sindingatseke ndikusiya bodza m'nyumba za anthu. Mawa unyamule udzu wakowo."

Tinayenda masiku khumi ndi awiri. Pakhomo lililonse azakhali ankanena mawu omwewo, osawakometsera: "Ndinakukonzerani sipika, koma ndazindikira kuti khutu langa linayamba kufooka. Ndabwera kudzaona ngati sindinakunamizeni." Sindikudziwa amisiri angati angathe kugogoda pakhomo la kasitomala wokhutira n'kunena zimenezi. M'mabuku onse amene ndinawerenga ku yunivesite munalibe mutu wotero.

Anthu ankatilandira mosiyanasiyana. Ena ankaseka, ena ankatulutsa mipando ngati kwabwera alendo aakulu. Panyumba ina tinadikira ola lathunthu pakhonde kuti khanda lidzuke, chifukwa azakhali anakana kuyatsa liwu la firiji lija mwana ali mtulo. Bambo wina wachikulire, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, anatchinga sipika yake ndi thupi.

"Ikulira bwino, mayi. Musaigwire."

"Ikulira bwino kwa inu ndi ine, nkhalamba ziwiri. Itanani mpongozi wanu."

Mpongoziyo anabwera akupukuta m'manja. Atafunsidwa anayang'ana pansi, n'kunena kuti yakumanzere imalira ngati muli mchenga, koma ankaopa kunena chifukwa apongozi amainyadira kwambiri.

"Chaka chathunthu!" anafuula bambowo. "M'nyumba mwanga momwe!"

"Musamukalipire," anatero azakhali. "Ndiye yekha ali ndi makutu muno."

Masiku oyamba ankaima kumbuyo kwanga, manja ali kumbuyo, akuyang'ana sikirini ngati munthu woyang'ana galu wa eni ake. Kenako anayamba kufunsa. Mzere wautaliwo n'chiyani? Nanga udzu ukamera pafupi ndi mzere, kusiyana kwake n'kotani ndi umene ukumera kutali? Pa nyumba yachisanu ndi chitatu anandiuza kuti ndaika maikolofoni pafupi kwambiri ndi khoma, ndipo ankanena zoona. Pa nyumba ya khumi ndi chisanu ndi chinayi, ine ndisanatsegule pakamwa, chala chawo chinali kale pa sikirini.

"Apa pali kanthu. Koma si waya uyu. Udzu wa waya unali wautali ndi wotalikirana, uwu ndi waufupi, wothithikana. Pamatuka guluu penapake."

Anayendetsa chala m'mphepete mwa mbale, n'kupeza pamene nsalu inamatuka, malo osaposa chikhadabo. Apa ndiyenera kukonza mfundo yanga ija, chifukwa wokonda kutsutsa ayeneranso kudziwa kuvomera. Chida changa chimanena kuti cholakwa chilipo ndiponso kukula kwake. Sichinena kuti chili pati, kapena chayamba bwanji. Ine ndinkaona udzu basi. Iwo, atauyang'ana masiku asanu ndi awiri okha, anayamba kuona waya, guluu, fumbi la m'kampata ndi thabwa losweka, chifukwa zinthu zimenezi anakhala akuzigwira ndi manja kuyambira ine ndisanayambe sukulu.

Pa masipika makumi atatu ndi imodzi, makumi awiri ndi asanu ndi imodzi anapezeka oyera. Ndinaima kumbuyo kwa azakhali pamene sikirini inkaonetsa mzere umodzi wokha nyumba ndi nyumba, ndipo ndinamva kunyada kumene sindinakumve ngakhale tsiku lolandira digiri. Asanu anali ndi vuto, kuphatikizapo ya Anesi ija. Pa asanu onsewo anafufuta khutu ndi chala chonyowa, mwini wake akuona.

Asanuwo ankafunika tebulo, choncho loko inachoka, koma chitseko ankachitsegula theka lokha. A Lumo atafunsa ngati shopu yatsegulidwa, anawayankha kuti akungochapa mbale zimene anadyera. Laputopu inali pambali pa guluu, ndipo ankaiyatsa okha.

Ya Anesi anaisiya kuti ikhale yomaliza. Ine ndinati kawaya kaja angokadula kuti kafupike. Iwo anakana, ati kakafupika kadzakoka mbale mbali imodzi, ndipo tidzachotsa cholakwa chomveka n'kuikapo chosamveka. Anatsegula dirowa la makina osokera, limene linali lisanatsegulidwe zaka zambiri, n'kutulutsa singano yopindika ndi ulusi wa silika. Pansi pa mbale pali kansalu kolimba kozungulira kamene kamagwira koyilo. Anagoneka kawayako pakansaluko n'kukasokerera ndi timfundo tinayi, motayirira, kuti kaziyenda limodzi ndi mbale osaikhudza. Anachitanso chimodzimodzi ndi kanzake kuti mbali zonse zilemere mofanana. Atayatsa, mzere unaima wokha, kumanja kuli mbee.

Tinaikankha pa wilibala mpaka kwa Anesi Loweruka masana. Azakhali anaiika pamalo pake, anayala nsalu pansi, anayang'ana kabati ngati sinabwerere pakale. Anayeza ndi laputopu, anagwira mbale ndi zala. Kenako Anesi anaika nyimbo ija. Amayi anaimba. Azibambo anatsika, n'kutsikabe, mpaka pansi pa chipinda panamveka kunjenjemera m'mapazi. Azakhali sanapendeketse mutu. Ankayang'ana nkhope ya Anesi.

"Kapita," anatero Anesi. "Mayi, kapita. Ndikumvanso munthu wina akupuma asanayambe ndime. Ameneyu sindinamumvepo."

Azakhali anatulutsa choko m'thumba la epuloni, anagwada kumbuyo kwa sipika, n'kuima dzanja lili m'mwamba. Pathabwapo pankaonekabe pamene anafufuta. Kenako anatembenuka n'kupereka chokocho kwa Anesi.

"Khutu limene lamva ndi lanu. Jambulani ndinu."

"Ine sinditha kujambula, mayi."

"Inenso sindinkatha. Loyamba lija amuna anga ankati ndi nyemba."

Anesi anagwada n'kujambula khutu lalikulu, lopendekeka. Azakhali analandira choko, n'kujambula pambali pake diso, pansi pake tsiku ndi chaka. Anamanga masikuluu omaliza.

Pobwerera, wilibala ili yopanda kanthu, ndinafunsa za loko. Ndinafunsa mosamala, chifukwa ndinali nditagonja kale katatu pankhani imeneyi.

"Ndinati ndidzakhoma loko, ndipo ndinakhoma. Msewu wonse unaona. Unandimvapo ndikunena kuti ndidzataya kiyi?"

Monga mfundo, imeneyi ili ndi mabowo amene ndikanatha kuwaloza mmodzimmodzi. Ndinangokankha wilibala.

Lolemba chitseko chinatseguka chonse. Lamulo la shopu tsopano lili motere: sipika imatuluka ikadutsa pa zala, pa sikirini, ndi pa khutu la munthu wa m'nyumba imene ikupita, ndipo azakhali amasankha okha amene amvetsere, kawirikawiri osati bambo wa nyumbayo. Ntchito nditaipeza ndinawasiyira maikolofoni ndi laputopu yakale, ndipo amandiimbira foni pokhapokha akafuna kunditsutsa. Anthu akuwatchabe a Makutu.

Woyamba kulowa Lolemba limenelo anali a Lumo, atakumbatira sipika yawo yong'ambika ija. Anaiika patebulo n'kunena kuti sanabwere kudzakonzetsa, angofuna aone udzu wake. Azakhali analumikiza mawaya n'kuyatsa. Sikirini yonse inadzaza mpaka pamwamba.

"Uwu si udzu, bambo," anatero azakhali, akufunafuna sizasi yawo. "Iyi ndi nkhalango. Mubwere Lachinayi, ndipo mubwere ndi akazi anu."